Kuwerenga makalavati m'tsinde mwa phiri la Mulanje

Lolemba

Ndafika pa Chitakale dzuwa litapendeka. Ku Limbe ndinasiya minibasi ya Midima n'kukwera dala yodzera ku Thyolo, ngakhale imachedwa, chifukwa msewu wa M2 ndimangoumva m'malipoti. Tinadutsa pa Bvumbwe pomwe kabichi ndi tomato zaunjikidwa mpaka m'mphepete mwa phula, tinalowa m'minda ya tiyi, Thyolo boma, kenako kutsetsereka mpaka ku Luchenza. Titawoloka Thuchila n'kudutsa pa Chonde, phiri linali litatseka kale kutsogolo konse.

M'njira monsemo maso anga anali pa ngalande za m'maesiteti. Udzu wa m'mbali ndi wotchetcha, matope anachotsedwa, pena anayalamo miyala. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje kuno cha m'ma 1890, ndipo eni minda anadziwa kalekale kuti masamba othyoledwa m'mawa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, mvula igwe isagwe. Ndiye pali munthu wolipidwa kuti ngalande ikhale yoyera, palinso kapitawo wodzaona ngati wayeretsadi.

Ine ndimayang'anira ntchito za misewu ndi nyumba ku khonsolo ina ya m'chigawo chapakati. Tasonkhana kuno anthu ochokera m'makhonsolo angapo kudzaphunzira kalembedwe ka kaundula wa katundu amene khonsolo imayenera kusamalira: misewu, milatho, makalavati, misika, midadada ya sukulu, mijigo. Anasankha bwino malo. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, mvula ya kuno ndi yochuluka kuposa madera ambiri m'Malawi, ndipo madzi onsewo amatsika mothamanga m'mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Ruo, Muloza ndi Thuchila. Chinthu chomangidwa mwachinyengo kuno sichimaliza zaka zambiri chisanaulule.

Lachiwiri

Wotiphunzitsa ndi injiniya wachikulire amene anapuma kale pantchito. Asanatipatse ngakhale pepala limodzi, anayima kutsogolo n'kufunsa kuti, "Akuluakulu, ndani mwa inu angandiuze makalavati amene ali m'boma lake? Sindikufuna nambala yeniyeni, ingondiuzani bukhu lomwe mungakatsegule." M'chipinda munangoti zii. Bambo wina wa kumpoto anati kwawo kaundula alipo, amasungidwa ku akaunti. A Injiniya anagwedeza mutu n'kunena kuti amenewo ndi kaundula wa ndalama: amanena kuti galimoto inagulidwa zingati ndipo mtengo wake watsika bwanji. Sanena kuti khoma la mlatho wakutiwakuti lafukulidwa kunsi.

Tsiku lonse lathera pa kusiyana kumeneku, ndipo sindinatope nako.

Chiyambireni 1998, pamene kunabwera lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, makhonsolo akhala akulandira ntchito zomwe kale zinkayendetsedwa kuchokera ku likulu. Makhonsolo alipo 35, kuphatikizapo wa Luchenza amene ndinadutsa dzulo. Koma katundu ambiri anabwera m'manja mwathu opanda mapepala ake. Pa misewu mpamene pamasokoneza kwambiri. Ilipo ya M, ya S, ya T ndi ya D, kuyambira ikuluikulu mpaka ing'onoing'ono ya m'maboma, ndipo yonse yolembedwa m'kaundula wa dziko imapitirira pang'ono makilomita 15,000, ya phula ikungokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2006 boma linagawa pawiri bungwe lakale la misewu: Roads Authority yoyang'anira ntchito, Roads Fund Administration yosunga ndalama zochokera pa mtengo wa mafuta, ndiponso masiku ano pa zipata zolipiritsa magalimoto monga za Chingeni ndi Kalinyeke. Kunja kwa zonsezi kuli misewu yambirimbiri ya m'midzi yopanda nambala, ina yolambulidwa m'nthawi ya MASAF, ina yolimidwa ndi anthu eni ake. Mlatho wa pamsewu wotere ukagwa, anthu sapita ku Lilongwe. Amabwera kwa khansala, khansala n'kubwera pa tebulo langa.

Ndalama zachitukuko zimene takhala tikuziona kawirikawiri, kaya za DDF (thumba la chitukuko cha boma laling'ono), za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), kaya za pulojekiti ya GESD zimene khonsolo imapata malinga ndi mmene yakhozera pa kawuniwuni wa chaka ndi chaka, zimakonda kupita ku zinthu zatsopano. N'zomveka. Mdadada watsopano uli ndi tsiku lotsegulira, kuli magule, kuli kudula riboni. Kuchotsa matope m'kalavati kulibe mwambo, ndipo ntchitoyo ikagwiridwa bwino palibe amene amaiona, chifukwa msewu umangopitiriza kudutsika. Ine ndimakhulupirira kuti komiti ya zachuma siingavomereze ndalama zokonzera chinthu chimene sichinalembedwe paliponse, ndipo sindingaidzudzule. Ukanena kuti "misewu yathu yawonongeka" ukungodandaula. Ukanena kuti kalavati ya pa kilomita yachitatu yadzaza theka ndipo ikatsekeka ambulansi sifika ku chipatala, wayamba kukamba bajeti.

Fomu imene atipatsa ndi yaifupi: chinthucho n'chiyani, chili pati (foni imapereka GPS), chinamangidwa liti ndipo ndi zipangizo zanji, chili bwanji lero pa mlingo wa 1 mpaka 5, chikufunika chiyani. Mzere womaliza ndi umene a Injiniya anaumirirapo kwambiri: chikawonongeka, avutike ndani?

Lachitatu

Lero tayenda wapansi. Galimoto inatisiya pamene msewu wina wadothi ukupatuka pa phula kulowera kumidzi ya m'tsinde mwa phiri, msewu wopanda nambala, wofanana ndi mazanamazana a kwathu. Anatipatsa kapitawo wa kuno kuti atitsogolere, bambo wa imvi amene anayamba ntchito nthawi imene misewu yonse inali m'manja mwa a Works. M'thumba la shati anali ndi kope la ana asukulu lopindika m'makona.

Pa kalavati yoyamba tonse tinathamangira kumene madzi amalowera. Iwo anatsikira mbali inayo. "Mayi, bwerani kuno," anandiitana. "Kalavati imayamba kufa kotulukira." Kunalidi dzenje lofika m'chiuno pamene madzi amagwera, ndipo paipi yomaliza inali italendewera, dothi la pansi pake litapita. Mvula ziwiri zamphamvu, paipiyo igwa, inzake itsatira, ndipo msewu udyeka kuchokera m'mbali. Mankhwala ake panopa ndi miyala ndi matumba ochepa a simenti, kapena mabasiketi a waya odzaza miyala. Chaka chamawa adzakhala kalavati yatsopano.

Yachiwiri inali ya mamilimita 600, yodzaza mchenga kupitirira theka. Bambowo amadana nawo makalavati a saizi imeneyi ndipo sabisa. Ya 900 munthu amalowamo ndi fosholo n'kuchotsa matope. Ya 600 umangokanda kukamwa ndi khasu, pakati pamakhalabe potseka. Imaoneka yotchipa tsiku logula lokha.

Kenako tinafika pamene ngalande yopatutsira madzi kumbali inatsekedwa dala ndi mulu wa dothi ndi thunthu la nthochi. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anayamba kulankhula za umbuli wa anthu. Mayi mwini munda anali pomwepo akuthyola nandolo, ndipo anayankha modekha kuti, "Achimwene, madzi a msewu wonsewu mukawatayira m'munda mwanga, ine ndidya chiyani?" Kuno minda ndi yaing'ono zedi, chifukwa anthu ndi ambiri ndipo malo aakulu ali ndi tiyi. Mayiwo sanalakwe. Ngalande zopatutsira zikatalikirana, iliyonse imasenza madzi ambiri n'kukumba chigwembe m'munda mwa munthu mmodzi. Zikakhala pafupipafupi, aliyense amalandira pang'ono, ndipo mzere wa udzu wa vetiva umakwanitsa kuwamwaza. Nkhani yotere imathera pabwalo la amfumu, ndipo iyenera kukambidwa gireda isanabwere. Ndinalemba pa fomu kuti vuto si la simenti.

Za gireda nazonso tinaziona. Msewu wadothi umafunika msana pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, kupendekeka kwa masentimita 5 kapena 6 pa mita iliyonse. Woyendetsa akafulumira amaupala fulati n'kusiya mzere wa dothi m'mphepete, ndiye madzi amasowa potulukira n'kuyamba kuyenda m'msewu momwemo. Pamalo ena pamene msewu unadutsa pa kakhwawa kouma popanda kalavati, kapitawo anangoloza ndi ndodo n'kunena kuti, "Madzi saiwala khwawa." Anatsegula kope lija n'kutiwerengera zaka zimene malo amenewo anadukapo.

Mkangano weniweni unabuka pa mlatho wa matabwa. Matabwa ndi atsopano, zitsulo za m'mbali zapakidwa penti. Injiniya wachinyamata, wa digiri yake yabwino, anaupatsa 2, kutanthauza kuti uli bwino. Kapitawo anavula nsapato, analowa m'madzi, n'kulowetsa nsungwi pansi pa khoma lonyamula mlatho. Inalowa kupitirira mkono. Iwo anati 4. A Injiniya athu anavomereza 4, koma sanamusiye mnyamatayo achite manyazi. Anamuuza kuti atsegule mapu pa laputopu, ayeze kukula kwa dera limene limatsanulira madzi mu mtsinjewo, awerengere madzi a mvula yamphamvu, n'kutiuza ngati mpata wa pansi pa mlatho ukukwanira. Madzulo anabwera ndi yankho: mpatawo ndi wochepa, madzi amapanikizika n'kuthamanga kwambiri, n'chifukwa chake akufukula maziko. Kapitawo ankadziwa kuti mlatho ukudwala, mnyamatayo wapeza chimene chikuudwalitsa. Anakhala limodzi pa chakudya chamadzulo, kope ndi laputopu zili pakati pawo.

Miyendo ikuwawa, koma mafomu adzaza.

Lachinayi

Tinapita ku Likhubula, m'munsi mwa Chambe, kukaona madzi a m'mipopi oyenda okha kuchokera m'phiri popanda injini.

Mbiri yake ndi yonyaditsa, ndipo ana athu a ku koleji ayenera kuiphunzira. Ntchito yotere inayambira ku Chingale, ku Zomba, mu 1968, ndipo sikimu ya Chambe kuno ku Mulanje inatsatira posakhalitsa. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri ochepa, anthu a m'midzi n'kukumba okha ngalande za mapaipi, makilomita ambirimbiri, mudzi uliwonse chigawo chake. Anthu ochokera m'mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Pa mpopi wina tinakumana ndi agogo aakazi amene anati anakumba nawo ali mtsikana. Nditawafunsa kuti, "Agogo, paipi yaikulu inadzera pati?" anandilozera mzere wodutsa kuseri kwa tchalitchi mpaka pa mtengo wa mango, osakayika n'komwe.

Masiku ano masikimu ambiri otere ali m'manja mwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, ma WUA, amene amatolera kandalama pa mpopi uliwonse. Pulambala wa bungwelo anatikweza mpaka pamene madzi amalowera m'paipi, pali kakhoma kotchinga mtsinje ndi sefa ya zitsulo. Anatisonyeza thanki yodekhetsera mchenga, matanki ochepetsa mphamvu ya madzi pamene phiri latsetsereka kwambiri, mavavu otulutsa mpweya pa zitunda, ndi mavavu otsukira matope m'zigwa. Anati anthu akaona mpopi wauma amaganiza kuti mtsinje waphwa kapena paipi yaphulika, pamene nthawi zambiri ndi mpweya wotsekeredwa pa chitunda kapena matope amene sanatsukidwe. Vavu imodzi yokwiririka, imene aliyense anaiwala malo ake, ikhoza kuumitsa midzi itatu. Mapu a mapaipi onsewo ali m'mutu mwake. Tinayenda naye ndi foni tikutenga GPS ya vavu iliyonse, ndipo iye ndi amene ankatiuza poyima.

Mtsinje womwewu wa Likhubula ukumwetsanso anthu a mumzinda. Blantyre Water Board inamaliza mu 2019 ntchito yotenga madzi kuno kudzera ku Nguludi, ndi ngongole yochokera ku India, ndipo inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku. Anthu ena a kuno anaitsutsa poyamba, ankafunsa za mitengo ya m'phiri ndi za madzi awo omwe. Funso la mitengolo ndi la tonsefe a zomangamanga. Mkungudza ndi mitengo ina ikatha kumtunda, mchenga umene umatsika ndi womwe umadzaza thanki ya pulambala uja ndi makalavati a dzulo aja.

Usiku uno ndakhala ndikuganiza za anthu awiriwa, kapitawo ndi pulambala. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, maphunziro ambiri amene ndawaona amachitikira m'mahotela a kunyanja kapena mumzinda, ndipo mayina amene amalembedwa ndi a ife a m'maofesi. Anthu amene amagwira katunduyo ndi manja saitanidwa, mwina chifukwa zonse zimakambidwa m'Chingerezi, mwina chifukwa alawansi imatsata giredi. Akapuma pantchito kapena akamwalira, zonse zimene ankadziwa zimapita nawo, ndipo khonsolo imalemba kontirakitala kuti adzafufuze zinthu zomwe munthu wake yemwe ankazidziwa ndi maso otseka. Zimandipweteka.

Lachisanu

Njira ya ku Muloza, kudutsa Limbuli, kufupi ndi malire a Mozambique. M'galimoto munalibe nthabwala lero.

Namondwe wa Freddy anagunda chigawo chakummwera mu March 2023, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Zipsera zikuonekabe m'phiri, mizere yoyera pamene nthaka inatsetsereka, ndipo m'makwawa muli miyala yoti ngakhale gireda siingaisunthe. Mitsinje ina inasiya njira yake n'kutsegula ina. Anthu a kuno amati napolo, ndipo akuluakulu amakumbukira wa 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe ali mbali ya boma la Mulanje. Koma kale zoterezi zinkatalikirana. Tsopano taona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023.

A Injiniya anatiyimitsa pa mtsinje wina n'kupempha bambo wa m'mudzimo kuti atisonyeze pamene madzi anafika. Anatitengera pa mtengo uli kutali ndi gombe n'kugwira pamwamba pa mutu wake. Tinayeza, tinalemba, tinajambula. A Injiniya anatiuza kuti chizindikiro chotere chilembedwe m'kaundula ndiponso chipakidwe penti pa khoma la mlatho, chifukwa amene adzajambule mlatho wotsatira adzafuna nambala imeneyo kuposa ya m'mabuku akale a mvula. Anatinso pa mitsinje yonyamula miyala ndi mitengo, pamsewu wa magalimoto ochepa, nthawi zina ndi bwino kuyala konkire pansi kuti madzi azidutsa pamwamba. Anthu amadikira maola angapo madzi akadzaza, koma mawa lake msewu ulipo. Makalavati pamalo otere amatsekeka ndi zinyalala n'kukokoloka onse.

Ngozi ikachitika, obwera kudzathandiza amafunsa mafunso omwewo: panali chiyani apa, chachikulu bwanji, chinali bwanji chisanagwe? Khonsolo yokhala ndi kaundula imayankha tsiku lomwelo ndipo pempho lake limayenda msanga.

Loweruka

Gawo lomaliza linali m'mawa, la maphunziro athu ife eni. Lamulo la 2019 linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, imene imalembetsa mainjiniya ndi matekinishani omwe, ndipo imafuna kuti munthu azipitiriza kuphunzira chaka ndi chaka. Ambiri a m'makhonsolo timaona ngati zimenezi ndi za anzathu a m'makampani a mumzinda. A Injiniya anati ntchito ya Lachitatu ija, yolembedwa bwino ndi kusainidwa ndi injiniya wolembetsedwa, ndi umboni womwe wachinyamata angapite nawo pofuna kulembetsa. Vuto ndi loti m'maboma ambiri mulibe wamkulu woti amuyang'anire, ndiye tinagwirizana kuti makhonsolo oyandikana azibwerekana. Kwa akapitawo ndi amisiri, TEVETA ili ndi njira yoyesa munthu pa luso limene analiphunzira pantchito n'kumupatsa satifiketi, ndipo bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno limaphunzitsa oyang'anira ntchito ndi makontirakitala ang'onoang'ono. Ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS, kapena ya MUST imene ili ku Ndata ku Thyolo, amasowa kopita nthawi ya maphunziro a pantchito. Awiri okha atapatsidwa njinga ndi foni akhoza kulemba makalavati a dera la mfumu yaikulu imodzi tchuthi chisanathe.

Tinakambanso za tsiku lolandira ntchito kwa kontirakitala. Ndalama imene khonsolo imatsala nayo pa malipiro ake isamatuluke asanapereke zojambula zosonyeza zimene wamangadi, osati zimene zinali pa pulani, ndipo chinthucho chilowe m'kaundula tsiku lomwelo. Mayi wina wa ku Lower Shire anawonjeza kuti mitengo ya m'kaundula izikonzedwanso chaka chilichonse, popeza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ziwerengero zonse za simenti ndi zitsulo zinasanduka zopanda ntchito. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 April, mvula ikungotha kumene, choncho kuyendera kwa pambuyo pa mvula kumachedwa kulowa m'bajeti. Kuyendera kwa miyezi ino, mvula isanayambe, ndi kumene kungagwire ntchito ziwiri: kutsegula ngalande nthawi ikadalipo, ndi kupereka manambala a bajeti ikubwerayo.

Ndagula zinanazi pa Chitakale ndipo ndikulemba zino m'minibasi ya Midima. Aliyense wapatsidwa ntchito yotumiza kaundula wa msewu umodzi wathunthu November asanafike. Ine ndasankha wopita ku chipatala china chaching'ono kwathu, wa makilomita 14, wokhala ndi milatho iwiri ya matabwa. Lolemba ndikapempha mafuta a njinga yamoto ndiponso chilolezo choti kapitawo wathu ayende nane, dzina lake lilembedwe pa lipoti pamodzi ndi langa. Ndikapemphanso dalaivala wa ambulansi ya pachipatalapo kuti atiperekeze tsiku loyamba, chifukwa malo onse amene galimoto imatitimira mu January amawadziwa ndi iyeyo.